Kabutchala, Kamera ndi Apongozi Anga

Kwathu ku Katete mkamwini sayenda njira imodzi ndi apongozi ake aakazi. Mukawaona akubwera mumapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Simudya iwo akuona, simuwayang'ana kumaso, ndipo mukakhala ndi mawu mumanjuta chapatali n'kumalankhula ngati mukuuza mtengo. Ndiye taganizani ine Fabiyano, wokulira m'mwambo womwewo, kukwera nawo basi imodzi kuchokera ku Kitwe mpaka kumudzi. Ndakalamba tsopano, koma ndikakumbuka ulendo umenewo ndimaweramitsabe mutu ndili ndekha m'nyumba.

Zinali zaka zochepa chilandirire ufulu. Mkuwa unali pa mtengo wabwino, migodi ikulemba anthu, ndipo aliyense wa kum'mawa wokhala ndi miyendo iwiri ankathamangira ku Migodi. Ine ndinachita zosiyana ndi anzanga. Ndinali pa ntchito yabwino ku ofesi ya mgodi, yotsuka zithunzi za ziphaso za antchito m'kachipinda ka mdima, nyumba ya kampani ndili nayo, koma ndinasiya. Ndinagula kamera kwa mzungu wina amene ankalongedza katundu kubwerera kwawo, n'kuchita lendi kachipinda ku komboni ya Chimwemwe, ku Kitwe komweko, n'kupachika nsalu ya maluwa kukhoma. Ndinkajambula maukwati, ubatizo, ndi anyamata ovala masuti obwereka ofuna kunamiza atsikana a kumudzi. Njala sitinkagona nayo ayi. Koma nyumba ya kampani inapita, ndipo mbiri inafika kwa akuchikazi.

Chinawonjezera moto ndi kambalame. Kuseri kwa komboni, kumene kumadutsa mpanda wa waya waminga wa mgodi, kunkakhala kambalame kakuda kumsana, koyera kumimba, ka mchira wautali. Thupi silinkaposa la pumbwa, koma mlomo unali wokhota kunsonga ngati wa kabawi. Kankakhala pamwamba pa mzati phee, mutu wokha ukutembenuka. Kakaona chiwala m'udzu kankatsika mwadzidzidzi, n'kubwera nacho pa waya, ndiye m'malo mochidya kankachibaya pa munga n'kuchisiya chikulendewera. Tsiku lina ndinapeza waya wonse uli ndi katundu: buluzi, ziwala, kachule, ngakhale kambewa. N'chifukwa chake ndinakapatsa dzina loti kabutchala, popeza dzina lake lenileni sindinkalidziwa. Zala zake n'zofooka, sikangapanikize nyama ngati kabawi, choncho mungawo ndi umene umakagwirira pamene kakung'amba. Zimenezi palibe anandiuza. Ndinaziona ndekha, nditagona chafufumimba pa udzu wa mame m'mamawa wosawerengeka, kamera ili kumaso. Munene zonena zanu, mbalame imeneyo ndi yodabwitsa, ndipo pamenepo sindisintha.

Mkazi wanga Tereziya atachira mwana wathu woyamba, mayi ake aNambewe anabwera kudzathandiza. Ine ndinasamukira kogona ku kachipinda kojambulirako kuti tisamagundane pakhomo. Koma maso anali nawo. Ankandiona ndikubwera dzuwa litakwera, buluku litanyowa mpaka m'chiuno, nthanga za udzu zili mbwee pa malaya. Kwa ine sananene kanthu, mwambo sukanalola. Anauza mwana wawo, ndipo Tereziya anandiuza akulira: akakafika kumudzi akauza atsibweni ake, a Gelevaziyo, kuti aitanitse mbumba yawo, mayi ndi mwana yemwe, akakhale kumudzi mpaka mwamunayo nzeru zitabwerera. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Atsibweni akati bwera, palibe kumene ungakadandaule.

Nzeru yoperekeza inali ya Tereziya. Anati amayi sadziwa kuwerenga, adzasochera posintha basi ku Lusaka, komanso ndi bwino ine ndikaonekere ndekha kwa atsibweni mawu asanapotozedwe. Anati nditenge zithunzi zanga zabwino zonse, za maukwati ndi za mbalame zomwe, anthu akaone kuti ndi ntchito yeniyeni osati misala. Ndinaziika mu envulopu yaikulu, kamera m'khosi, n'kumpsompsona mwana pachipumi osadziwa ngati ndidzakhala nayenso nyumba imodzi.

Pa siteshoni ya ku Kitwe, Tereziya anapeza mayi wina wa Mboni, Mai Esinati, wogulitsa nsalu, wopita ku Fort Jameson, tauni ya kutsogolo kwa Katete. Anamupempha kuti akhale ndi amayi kutsogolo ndipo azikhala pakamwa pathu. Ine ndinakadzipanikiza kumbuyo kwenikweni, pakati pa mnyamata wonyamula wailesi yatsopano ndi bambo wina wa nkhuku m'dengu. Mai Esinati anali munthu wabwino, Mulungu amusunge kumene ali, koma mawu ake anali ofika kutali, ndipo uthenga uliwonse ankauthira mchere wakewake. Basi isanatuluke m'tauni, aliyense anali atadziwa kuti muli mkamwini ndi apongozi, ndipo Abemba anali atayamba kale kutsinana.

Ku Ndola dalaivala anati tiima pang'ono, akatenge mapepala ku ofesi. Ine ndinali ndi kanga kumtima. Ndinali nditamva za mmwenye wina wosindikiza makalendala amene ankagula zithunzi, ndipo ndinaganiza kuti akangolonjeza kugula, ndikafika kwa atsibweni ndi nkhani yokoma. Ndinathamanga. Bamboyo anayala zithunzi pa tebulo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Anati n'zoyera bwino, koma apa pali mbalame yokha, apo pali buluzi yekha pa waya, nanga iye adziwa bwanji kuti buluziyo sindinamubaye ndine? Anati ndidzabwere ndi chithunzi cha mbalame ili mkati mobaya, ndipo tidzakambirana. Chithunzi chimenecho ndi chomwe chinkandilaka miyezi yonseyo, chifukwa kabutchala amabaya mothamanga, ukamati udine wamaliza kale.

Pobwerera ndinapeza basi ikulira, kondakitala ali pakhomo akutukwana m'Chibemba. Anthu onse ankadikira ine. Ndinadutsa pakati pa mipando nditawerama, nkhope nditalozetsa kwina podutsa pa apongozi. Ndisanakhale n'komwe, Mai Esinati anaimirira n'kutembenuka.

"Akamwini, apongozi anu akufunsa kuti kodi ku Ndola kunonso kuli mbalame?"

Basi yonse inaseka, ngakhale amene sankadziwa nkhani yake. Tinadutsa mgodi wa Bwana Mkubwa ine maso ali pa nsapato.

Ku Kapiri Mposhi anthu anamasula kamba. Nkhuku imene Tereziya anatiwotchera inali m'dengu la apongozi. Iwo anang'amba ntchafu, n'kuikulunga m'pepala, n'kupatsa Mai Esinati, ndipo ntchafuyo inayenda m'manja mwa anthu mpando ndi mpando, aliyense akunenapo kake, mpaka inandipeza. Nanga ndidye bwanji, iwo atha kucheuka nthawi iliyonse? Ndinaigwira m'manja. Mafuta anayamba kudontha, nkhuku za m'dengu zikundiyang'ana, mnyamata wa wailesi akundifunsa ngati ndili pa kusala. Ndinayenda nayo choncho mpaka ku Broken Hill, imene anthu anali atayamba kuitchula kuti Kabwe, ndipo kumeneko ndinakaidyera kuseri kwa basi, nditanjuta pafupi ndi tayala ngati wakuba. Inali itazizira, komanso inkanunkha dizilo.

Lusaka inatisunga. Masiku amenewo mafuta a galimoto ankavuta, chifukwa azungu a kutsidya kwa Zambezi anali atakana kutula boma ndipo njira ya kumwera inali yosadalirika. Basi ya kum'mawa inalipo, dalaivala analipo, mafuta ndi amene kunalibe. Tinagona pa siteshoni, kutacha n'kugonanso. M'mawa uliwonse kalaliki ankatuluka n'kunena kuti mwina masana, masana n'kunena kuti mwina mawa. Apongozi ndi Mai Esinati anayala nsalu pakona ya amayi, ine ndinakakhala kutsidya, kuseri kwa mulu wa matumba, pamalo poti ndizitha kuona katundu wawo koma osaona nkhope. Pa siteshoni ponse mpopi unali umodzi ndi zimbudzi moyandikana, ndiye ndinkachita kuzonda kaye ngati iwo sakupita komweko. Kawiri konse tinatsala pang'ono kukumana pa mpopi, ine n'kubwerera chambuyo ndi ludzu langa. Ndinkawagulira tiyi ndi mabanzi n'kutumiza kudzera kwa Mai Esinati, yankho lake n'kubwera lakuti tiyi wa ku Lusaka ndi madzi otsukira mbale. Kaya ananena ndi apongozi kaya ndi Mai Esinati, sindidziwa.

Nthawi yodikirayo ndinkaigwiritsa ntchito yokonza mawu okanena kwa atsibweni. Ndinkatulutsa zithunzi, n'kuzisanja, za maukwati pamwamba, za mbalame pansi, kenako n'kuzisinthanso. Ndinkalankhula ndekha milomo ikugwedera. Mayi wina wogulitsa mazira anandiyang'ana, n'kusuntha beseni lake kupita nalo patali.

Mafuta atapezeka tinanyamuka mopanikizana, ena atakhala pa katundu pakati. Msewu wa kum'mawa nthawi imeneyo unali wa dothi m'malo ambiri, ndipo mvula yoyamba inali itagwa. Titadutsa Chongwe zinali bwino, koma chakufupi ndi Rufunsa basi inatitimira m'matope, amuna tonse n'kutsika kukakankha. Ine ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse, mwina apongozi angamve kuti mkamwini wawo ndi mwamuna. Tayala linazungulira n'kundithira matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kamera ndi envulopu zokha ndi zimene zinapulumuka, chifukwa ndinazisiya ndi mnyamata wa wailesi uja, amene naye anakwera basi ya kum'mawayi. Kuchokera apo msewu unayamba kukhotakhota m'mapiri, kutsika, kutentha kukuwonjezeka, ana akusanza, mpaka tinafika ku mlatho wa Luangwa dzuwa lili paliwombo.

Pa mlathopo panali apolisi ndi mtengo wotchinga msewu. Malire a dziko la Apwitikizi ali pafupi pamenepo, ndipo boma linkaopa kuti adani angadzaphwanye mlatho. Tonse tinatsika kuti afufuze katundu. Injini nayo inali itawira, dalaivala n'kuti sitichoka mpaka izizire. Amayi anapita kukagula nsomba zouma, amuna anakagona pansi pa mtengo. Ine ndinapita chapambali kuti ndikokote matope pa buluku.

Ndi pamene ndinakaona. Pa mpanda wa waya wa msasa wa apolisi panali kambalame kena, kofiirira kumsana, kotuwa kumutu, kokhala ndi mzere wakuda wodutsa m'maso. Sikanali kabutchala wanga wa ku Chimwemwe, koma mlomo unali womwewo, kakhalidwe komweko, mutu wokha ukutembenuka. Mzungu amene anandigulitsa kamera uja anandiuzapo kuti kabutchala ali ndi abale ake amene amabwera ndi mvula kuchokera kumpoto kwenikweni, kutsidya kwa nyanja zazikulu, koma ine ndinali ndisanawaonepo. Kanatsika m'udzu, n'kubwera ndi chiwala chachikulu. Kanachimenyetsa pa mzati kawiri katatu, n'kuthothola miyendo, kenako n'kuyamba kusendera nacho cha kumene kunali munga wa waya.

Abale, mutu unaima. Ndinaiwala matope, ndinaiwala apongozi. Ndinagona chafufumimba n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono, kamera ili kumaso, ndikupuma mobisa. M'galasi ndinkaona mbalame yokha. Sindinaone kuti kumbuyo kwake kwenikweni kunali mlatho wonse, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo. Mbalame inakweza chiwala pa munga, ine n'kudina. Nthawi yomweyo jombo inandiponda pamsana, ndipo chitsulo chozizira cha mfuti chinandikhudza kukhosi.

Apolisi anandikokera m'kanyumba ka malata. Mkulu wawo anali sajeni wina wamtali, wolankhula Chinsenga. Analamula kuti andivule nsapato, lamba ndi malaya, ati akazitape amabisa zinthu m'zovala, n'kundikhazika pansi pa simenti. Kenako anakhuthula envulopu pa tebulo. Za maukwati anazikankhira pambali. Zotsalazo anaziyala chimodzichimodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaziona ndi maso a munthu wina. Waya, waya, waya. Apa waya, kumbuyo kwake nsanja ya chitsulo ya pa mgodi. Apo waya, kumbuyo kwake thanki ya madzi ndi mawaya a magetsi. Kambalame kanga kankangooneka ngati kadontho pakona. Sajeni anandifunsa kuti wandituma ndani kujambula mipanda ya migodi ndi milatho ya boma, ndipo akundilipira zingati.

Ndinafotokoza za kabutchala. Ndinafotokoza bwino ndithu, za zala zofooka, za munga, za buluzi. Sajeni anafunsa apolisi ake ngati alipo anaonapo mbalame yopachika nyama ngati ya m'butchala. Onse anapukusa mitu, ndipo sindiwada, chifukwa kabutchala wakuda sakhala m'chigwa chotentha ngati chimenecho, ndipo mlendo wofiirira uja anali atathawa kalekale ndi chiwala chake. Anaitana anthu a m'basi. Anthu a ku Migodi, amene ena mwa iwo ayenera kuti ankaiona mbalameyo tsiku ndi tsiku pa mipanda yawo, anangoyang'ana kumbali, palibe ankafuna kukhala mboni ya kazitape. Mai Esinati yekha ndi amene analimba mtima. Ananena kuti ndine mwana wabwino, waulemu, wosamwa mowa, kungoti ku Ndola ndinasowa nthawi yaitali ndi envulopu yomweyo osanena kumene ndikupita, ndipo ku Lusaka ndinkalankhula ndekha kuseri kwa matumba. Ankaganiza kuti akundithandiza.

Sajeni anati popeza mbalame palibe, ndimuonetse ineyo mmene imachitira. Ananditulutsa panja. Wapolisi wina anagwira chiwala n'kundipatsa. Ndinaima pa mpanda, chifuwa chili pamtunda, matope ali m'tsitsi, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe popeza lamba anali atalanda. Nditati ndibaye ndi dzanja, sajeni anati ayi, mbalame ilibe manja. Ndinaluma chiwala. Ndinadumphadumpha chammbali motsata waya monga imachitira mbalame, n'kuwerama, n'kuchikankhira pa munga ndi mano. Chinagwa. Anandipatsa china. Anthu a m'basi anayesa kudzigwira, koma mmodzi ataphulika onse anatsatira, mpaka dalaivala anakhala pansi. Pakati pa anthu onsewo munthu mmodzi yekha, apongozi anga, anali atatembenukira kumtsinje, atafunda nsalu kumutu. Ndinalakalaka mfuti ija ikanangolira.

Kuseka anaseka, koma sajeni sanakhutire. Anati nkhani ya mlatho si yake, ndidikira galimoto ya boma idzanditengere ku Lusaka, kaya ibwera mawa kaya sabata yamawa. Anandibwezera m'kanyumba kaja. Ndinamva injini ikulira, kondakitala akuitana anthu. Mumtima ndinati basi zatha, apongozi akafika okha, akanena kuti mkamwini ali m'manja mwa apolisi, ndipo Tereziya ndi mwana adzakhala ali kumudzi ine ndisanatuluke. Kenako ndinamva mkangano panja. Mai Esinati ankachonderera, kondakitala akudandaula kuti katundu ali pansi pa matumba a ena. Chinthu chinagwa pansi kuchokera padenga la basi. Basi inawoloka mlatho, phokoso lake n'kuzimirira m'mapiri.

Nditasuzumira pakhomo ndinaona msana wa apongozi. Anali atakhala pa mtolo wawo, padzuwa, atafulatira khomo. Mthunzi unalipo pakhonde, koma pakhondepo akanayang'anana ndi ine. Anakhala choncho dzuwa likupendeka. Wapolisi anawapatsa madzi, iwo anakana. Sajeni anayesa kuwanyalanyaza, akulembalemba, koma ndinkaona kuti zikumusowetsa mtendere. Pomaliza anatuluka, n'kuwafunsa mwaulemu kuti amayi, munthu uyu ndi ndani wanu, ndipo mukudziwapo chiyani.

Anayankha osatembenuka.

"Amenewo ndi akamwini anga. Mwawavula ine ndili pompano. Avekeni kaye, ndiye mundifunse."

Sajeni anakanda kumutu. Nayenso anali mkamwini wa munthu wina kwinakwake. Anandiponyera malaya, lamba ndi nsapato osandiyang'ana, ine n'kuvala mothamanga, mabatani kusemphanitsa. Atauzidwa kuti ndavala, apongozi anayamba kulankhula, maso ali kumtsinje. Anati ku Kitwe ankaona mkamwini akutuluka kusanache n'kubwera atanyowa, ndiye anaganiza kuti ali ndi mkazi wina. Tsiku lina anamulondola chapatali mpaka kumpanda wa mgodi, atakonzeka kukagwira mkaziyo. Anapeza munthu wamkulu, bambo wa mwana, atagona m'udzu yekhayekha, akuyang'ana kambalame. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi, mkazi osabwera. Mkamwiniyo atachoka, iwo anapita pa wayapo, n'kupeza abuluzi ndi ziwala zili lende, ndipo mbalameyo inabwera iwo akuona n'kudzang'amba chimodzi.

"Bola akanakhala mkazi," anatero, "tikanadziwa kokadandaula."

Ine sindinkadziwa kuti anandilondolapo. Sajeni anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati chabwino, andimasula chifukwa cha amayi, koma lamulo ndi lamulo. Anatsegula kamera, n'kusolola filimu yonse padzuwa. Kaya mbalame ija ndinaigwira ili mkati mobaya kaya ayi, palibe adzadziwe. Envulopu anati itsala, akuluakulu ake adzafuna kuiona, ndipo za maukwati zinatsalira momwemo. Kamera yopanda kanthu anandipachika m'khosi yekha, n'kundiuza kuti ndikapereke moni kwa mbalame.

Apolisi omwewo anatiimitsira lole yonyamula matumba a feteleza yopita ku Fort Jameson. Kutsogolo kunali kodzaza. Tinakwera pamwamba pa matumba, awiriwiri, popanda Mai Esinati woti n'kutilankhulira. Iwo anakhala moyang'ana kutsogolo, ine moyang'ana kumbuyo, mtolo wawo uli pakati. Lole inakwera mapiri a ku Kacholola ikubuula. Chidyere mabanzi a ku Lusaka ndinali ndisanalawe kanthu, ndipo mimba inayamba kulira mokweza moti ngakhale injini sinabise. Titadutsa Nyimba ndinamva kanthu kakukhudza chigongono. Zinali nthochi ndi nsomba youma, zitaikidwa pa mtolo. Nditaba diso ndinaona kuti afunda nsalu mutu wonse, m'kutentha konse kuja, kuti ine ndidye. Ndinadya misozi ikutsika, ndikuyesetsa kutafuna mopanda phokoso.

Kuchokera pamenepo mtima unayamba kukhala pansi. Ndinaganiza kuti munthu amene wasiya basi chifukwa cha ine, amene wandibisira nkhope kuti ndidye, sangakandiyalutse kumudzi. Akangoti basi inatisiya, basi. Tinadutsa mphambano ya ku Petauke, tinadutsa Sinda, ine ndikukonzanso mawu anga okanena kwa atsibweni, tsopano opanda zithunzi. Ku Katete tinatsika, ine n'kusenza mtolo, n'kumayenda kumbuyo patali mpaka kumudzi.

Tsiku lotsatira anthu anasonkhana pakhonde pa a Gelevaziyo. Iwo anali munthu wochepa thupi, wa chifuwa cha kumgodi, popeza anagwirako pansi pa nthaka ku Luanshya ali mnyamata. Panali ankhoswe a mbali zonse ziwiri, azakhali, ndi ena ongobwera kudzamva. Ine ndinanjuta pambali pa nkhokwe. Atsibweni anafunsa mlongo wawo malonje, kuti mwayenda bwanji.

Apongozi anayamba ndi ntchafu ya nkhuku. Sanasiyeko kanthu, ngakhale kamodzi. Za ku Ndola, za pa mpopi wa ku Lusaka, za matope a ku Rufunsa, zinthu zimene ndinkaganiza kuti sanazione, zonse anaziona ndi msana womwewo. Atafika pa mlatho anaimirira, mayi wamkulu wa mu mpingo, n'kugwira nsalu m'chiuno ndi dzanja limodzi, n'kuluma kachitsotso, n'kuyamba kudumpha chammbali motsata mpanda wa udzu. Mmene anaonera atafunda kumutu, funsani iwo. Azakhali anagubuduka pansi. Nkhoswe yanga yomwe, munthu amene anabwera kudzandiimira, ankapukuta misozi ndi chipewa. Atsibweni anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, anthu n'kuthamangira madzi.

Atapeza mpweya anandifunsa ngati ndili ndi choonetsa pa ntchito yangayo. Ndinati zonse zinatsala ku mlatho. Anafunsa ngati ndili ndi mawu. Mawu onse amene ndinakonza kuyambira ku Lusaka anali atathawa, ndinangoti ndilibe. Ndinkaganiza za Tereziya akumanga katundu m'kanyumba ka ku Chimwemwe, mwana ali kumsana.

Atsibweni anatembenukira kwa mlongo wawo. Anati nkhani yamveka, ndipo iwo ndi amene akhala nawo anthuwa, aona ndi maso. Ndiye atumize mawu kuti Tereziya abwere ndi khanda lake?

Apongozi anakhala pansi, n'kukonza nsalu yawo bwinobwino. Anafulatira nkhokwe.

"Musiyeni konko," anatero. "Mukamuchotsa Tereziya, awa adzawasunga ndani? Sangathe chaka ali moyo."

Ndinadikira kuti anthu aseke. Palibe anaseka. Atsibweni anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ankhoswe anavomereza, azakhali ena mpaka anati n'zoona, ndi chifundo chenicheni m'mawu mwawo. Mkazi wanga ndi mwana wanga anali atabwezedwa kwa ine, ndipo panalibe china choti ndichite. Ndinagwada pafupi ndi nkhokwe paja, kamera ikulendewera m'khosi, n'kuwomba m'manja kuthokoza.